Nkhuku Yoweta Sagula Pamsika

Makolo athu, amene analibe mabuku koma anali ndi maso, anatisiyira mawu akuti nkhuku yoweta sagula pamsika. Ndipo ine, amene ndinaphunzitsa ana miyambi kwa zaka zambiri ndi kulanga onse olephera kuimasulira, ndinadikira kufikira imvi zitadzaza mutu kuti mwambi umenewu undiphunzitse ndi mkwapulo wake womwe.

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndi kubwerera kwathu kuno kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, ndinazindikira msanga kuti mwamuna wosowa chochita amayamba kuwerenga zolakwa za mkazi wake. Chifukwa chake, pofuna kusunga mtendere wa m'nyumba, ndinamanga kakhola ka miyendo itali kuseri kwa nkhokwe, ndi kupita kwa mlongo wanga kukapempha msoti. Umo ndimo anali kuchitira akale. Msoti unali kuchokera kwa mbale, ndipo wopempha anali kudziwa make wa msotiwo: ngati amafungatira mazira masiku onse 21 osanyong'onyeka, ngati ali ndi chizolowezi choipa chija cha kujompha mazira ake omwe, ngati kabawi akatsika amaima ndi kumenya nkhondo kapena amathawira pansi pa nkhokwe anapiye ali mbwee pabwalo.

Sindinawete kuti ndilemere, ndipo sindinalemere. Malipiro anga anali a madzulo, pamene ndinali kukhala pampando ndi mbale ya gaga m'manja, ndi kupenyerera tambala wanga akupalasa pansi ndi kuitana athadzi ndi mawu okoma ngati wapeza chuma, athadziwo n'kuthamangira, n'kupeza kamwala; ndipo ndinali kudabwa kuti mawa lake adzathamangiranso, monga timachitira ife pa misonkhano ya ofuna mavoti. Pofika chaka chachiwiri nkhuku zinali makumi awiri mphambu zitatu, ndipo mtima wanga unadzikuza monga wa mwini chuma uja wa m'fanizo, amene anafuna kupasula nkhokwe zake ndi kumanga zazikulu.

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili pamsika wa paboma, ndinaona thadzi lalikulu, lolemera m'manja, la nthenga zonyezimira, mtengo wake wochepa mochititsa manyazi. Mwini wake anati, “Tengani, aphunzitsi, mtengo uwu ndi wachibale.” Sindinafunse chimene chinatipanga abale tsiku limenelo. Nditafika nalo kunyumba, amake ana analiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Kodi mwafunsa khola limene lachokera?” Ndinayankha kuti nkhuku si mkwatibwi.

Sabata isanathe, khola linakhala chete. Nkhuku zanga zinaima m'mithunzi mapiko ali pansi ngati madoda ovala majekete pamaliro, zitosi zobiriwira, kupuma kobanika, zina makosi atapindika kuyang'ana kumwamba monga zofunsa Mlengi chimene zinalakwa. Chinali chitopa, nthenda imene azungu amaitcha Newcastle, potengera mzinda wa ku England kumene inaoneka mu 1926. Ndipo ndinalingalira ndi chisoni kuti mlendo amene anadziwika kutsidya kwa nyanja anafunikira ine ndi njinga yanga kuti afike kwa Mlolo. Ndinasinja tsabola, ndinasungunula phulusa m'madzi, ndinatsegula ngakhale makapisozi anga a chifuwa. Zonse zinali kutunga madzi ndi dengu. Mlangizi wa ziweto atabwera anandiuza, mwaulemu umene umapweteka kuposa mwano, kuti chitopa chilibe mankhwala chikalowa. Kuti katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino, kadontho kamodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Kuti nkhuku yachilendo imayamba yakhala payokha masabata awiri. Ndi kuti nyengo yotentha nkhuku zimatsika mtengo chifukwa munthu akaona za mnansi wake zikugwa, amathamangira nazo zake kumsika. Inatsala imodzi yokha, nkhalamba ya khosi lopanda nthenga, imene ndinali kuinyoza masiku onse.

Tsono ena adzati mwambiwu unatha ntchito, pakuti lero dziko lonse likugula anapiye: amabwera m'katoni kuchokera ku Chipata, a tsiku limodzi, oswedwa ndi makina, osadziwa make ngakhale atate, ofunda nyali kapena mbaula m'malo mwa mapiko, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi ali mumphika. Koma ndikuti makolo sanalakwe, pakuti broila si nkhuku yoweta. Ndi ndiwo imene ikudikira tsiku lake. Sadzafungatira dzira, sadzalera mwana, ndipo palibe amene amafunsa za khalidwe lake.

Chimene makolo sanachione ndi chakuti msika udzachoka pansi pa mtengo ndi kulowa m'thumba la malaya. Paja mwambiwu sunanenedwe chifukwa cha nkhuku zokha. Unali wa anyamata ofuna banja, kuti asatole mkazi pa chikondi cha pamsewu osadziwa kwawo. Ndiye pamene mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anandiimbira foni kunena kuti wapeza mbeta pa Facebook ndipo akufuna ndikhale nkhoswe yake, ndinakonza kukhosi, ndi kumuponyera mwambi wonse wathunthu. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, “Zikomo amalume, ndamva. Nanga inu amene mumaudziwa bwino mwambiwu, nkhuku zatsala zingati?” Amake ana, amene anali kusenda mtedza pafupi, anatsokomola m'njira imene sindinaikonde.

Komabe udindo ndi udindo. Ndinakwera ulendo wa ku Katete kukaona khola, ndipo ndinapeza kuti kwawo kwa mtsikanayo ndi kufupi ndi Mkaika, kumene timapita mwezi wa Ogasiti ku Kulamba kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi; make ndi mayi wa manja olimba, pabwalo posesedwa, nkhokwe yodzaza, ndipo mtsikanayo anatipatsa madzi atagwada monga mwana woleredwa. Ndinasowa ponenera, ngakhale ndinafunafuna ndithu.

Vuto linadza pa tsiku la chinkhoswe, pakuti akuchimuna amapereka tambala ndipo akuchikazi amabwezera msoti, pamene m'khola mwanga munali nkhalamba ija yokha. Kupempha kwa mlongo wanga sindikanatha, popeza chitopa changa chinadutsanso kwa iye. Ndinadzuka m'mbandakucha, tambala wa eni asanalire kachiwiri, ndi kupalasa njinga kunka kumsika uja. Ndinagula tambala wofiira, ndinamumangirira kumunda masabata awiri, ndipo ndinapempha amake ana kuti nkhani imeneyi ithere m'nyumba.

Pa tsikulo nkhoswe ya kuchikazi, mkulu waulemu wake, inalandira tambalayo ndi manja awiri, niti, “Tambala wokongola chotere, ndi wa khola lanu, achimwene?” Ndinayankha kuti wagona kwathu masiku ambiri. Iwo anagwedeza mutu, nandipatsa msoti wawo. Ndipo pouyang'ana miyendo ndinaona kachingwe ka thumba la feteleza, komangidwa mfundo iwiri, monga amamangira anyamata a pamsika wa Katete.