Nthungululu kwa Wotsitsa VTEC

Mwa onse ogwira sipanala, palibe woyenera nthungululu kuposa mnyamata amene amatsitsa VTEC ya Honda yake kuti izilowa msanga.

Akatswiri a ku Honda, motsogozedwa ndi Ikuo Kajitani, anakhetsa thukuta mpaka mu 1989 anaika injini ya B16A mu Integra: malita 1.6 okha, koma mahosipawa 160. Chinsinsi chili pa kamshafuti. Mavavu awiri aliwonse ali ndi tizotupa tiwiri tating'ono, ndipo pakati pake pali chotupa chachikulu chimene chimangozungulira osagwira ntchito. Injini ikafika pozungulira maulendo cha m'ma 5,500 pa mphindi, solenoid imatsegulira oyilo, oyiloyo n'kukankha kapini kamene kamamanga ma rocker atatu pamodzi. Pamenepo chotupa chachikulu chija chimalanda ulamuliro, mavavu amatseguka kwambiri ndi kuchedwa kutsekeka, injini n'kusintha mawu. Imeneyi ndiye VTEC.

Ngwazi yathu inaona kuti Ajapaniwo anali amantha. Kudikiriranji 5,500? Inagula kabokosi ka A'PEXi, n'kulamula kuti chikondwerero chiziyamba pa 3,000. Kulimba mtima kwake! N'zoona kuti pamenepo mpweya umayenda mwaulesi, ndipo mavavu akayasama chonchi injini imabanika, mphamvu n'kuchepa. Koma ndani anati galimoto imayamikidwa ndi liwiro? Yakeyo imabangula ngati mkango, ndipo ikamapitiriridwa ndi minibasi yodzaza, onse okwera amacheuka. Ulemu wotere sugulidwa.

Pali anthu ena osasangalatsa, oyeza injini pa dyno. Iwo amati ujambule mphamvu ya tizotupa tating'ono tija, ujambulenso ya chotupa chachikulu, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene VTEC iyenera kulowa. Amaonjezanso, mopanda chisoni, kuti ukachita bwino sumva kukankhidwa kumsana konse, chifukwa kukankhako kumangosonyeza kuti mphamvu inayamba yagwa isanadzuke. Tangoganizani: galimoto yothamanga koma yopanda nthabwala yokafotokozera anzako! Mnyamata wathu anakana nzeru zozizira zimenezi, ndipo wogulitsa petulo amamudalitsa m'mawa uliwonse.

Tisaiwale khalidwe limene makinawa amaphunzitsa. Oyilo akachepa, kapini kaja sikasuntha, VTEC imakana kulowa zivute zitani. N'chifukwa chake mnyamata amene sakumbukira tsiku lobadwa la mayi ake salephera kusolola chitsulo choyezera oyilo dzuwa lisanatuluke, n'kuchipukuta mwaulemu ndi malaya ake a Lamulungu.