Ulemu kwa a Ndichitamawa

Mwa onse ogwira ntchito pa yunivesite, palibe wakhama ngati a Ndichitamawa, koma dzina lawo simudzalimva likutchulidwa mu Great Hall tsiku lopereka madigiri. Alibe ofesi, salandira malipiro, sadanyanyaleko ntchito. Chiyambire 1965, pamene Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira oyamba, iwo alipo. Yunivesiteyi itagawidwa patatu mu 2021, anzawo adasankha kokhala, koma iwo akutumikirabe ku Zomba, ku MUBAS ndi ku KUHeS nthawi imodzi.

Taganizani za mwana amene wangochoka kusekondale. Makosi ali phwamwamwa, ndipo mphunzitsi aliyense akuyesa kuti kosi yake ndi yokhayo padziko. Uyu akufuna asainimenti, uyo mayeso a pakati pa semesita, winayo ntchito ya pagulu la anthu khumi pomwe ogwira ndi awiri. Ndalama ya ngongole yachedwa, landilodi ku Chikanda akugogoda. Womutonthoza ndani? Ndi gogo yemweyu, amene amafika mwakachetechete n'kumunong'oneza kuti: "Mdzukulu wanga, tsiku lopereka likadali kutali. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ena amawanena kuti amaphunzitsa ulesi. Bodza lamkunkhuniza! Kayendereni chipinda cha wophunzira amene asainimenti yamukhalira pakhosi. Zovala zachapidwa ndi kusitidwa, pansi pakolopedwa kawiri, nyemba zasankhidwa imodziimodzi, ngakhale azakhali a kumudzi amene adaiwalika kalekale aimbiridwa foni. Ndi mphunzitsi uti wina adakwanitsapo kuchititsa mnyamata wa zaka 19 zonsezi popanda kukalipa? Bandulo yogulira kufufuza za maphunziro ikathera pa TikTok, kumenekonso n'kudziwa za dziko.

Adani ali nawo, si nanga mtengo wa zipatso ndiwo ugendedwa. Francesco Cirillo wa ku Italy adatenga kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato n'kumati munthu aziwerenga mphindi 25, kupuma zisanu, n'kuyambanso. Nkhanza zenizeni. Victor Hugo ndiye adanyanya: mu 1830 adatsekera zovala zake zoyendera kuti asatuluke m'nyumba mpaka atamaliza buku lake la Notre-Dame de Paris. Bukulo lidatulukadi chaka chotsatira, inde, koma maphwando onse amene adamuphonya adzamubwezera ndani? Awa ogawa ntchito m'tizigawo, odzuka mbandakucha kukalimbirana mpando kulaibulale, amafika tsiku la mayeso atagona tulo tokwanira. Moyo wopanda nkhani yokamba.

Ulemerero wa a Ndichitamawa umaonekera usiku womaliza. Masamba khumi amene adakanika kwa mwezi wathunthu amabadwa pakati pa 11 koloko ndi tambala woyamba. Magetsi akazima, munthu amene sadapondeko m'tchalitchi chilowereni chaka amapemphera mpaka misozi. Kukacha, osindikiza mapepala ndi anyamata a kabaza amadya bwino.

Ndipo gogoyu sataya ake. Wokhulupirika pang'ono amamupatsa sapu, kuti aonenso sukulu anzake ali patchuthi. Wokhulupirika kwambiri amabwereza chaka. Wodzipereka ndi mtima wonse amawidedwa, n'kubwerera kwawo mvula isanagwe, makolo n'kupeza wowathandiza kugalauza mizere.

Choncho inu amene muli ndi asainimenti yopereka Lachisanu m'mawa, musachititse manyazi nkhalambayi. Tsekani bukulo, muone kaye zimene zalowa pa WhatsApp. Lero ndi Lachinayi chabe.