Chikomekome cha mkuyu, m'kamwa muli nyerere

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankachenjeza anyamata osaka mbeta, koma masiku ano mwambiwu unasamukira m'kamwa.

Pa nkhani yotchena, Nkhata Bay alibe mnzake. Tsiku lofika sitima ya Ilala kaimeni padoko muone: malaya osita bwino, nsapato zowala, mafuta onunkhira mpaka ku Chintheche. Ndiye mumuuze mmodzi mwa otchenawo nthabwala. Aseka ataphimba pakamwa ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Nyererezo timaziweta tokha. M'mawa tiyi wa masipuni anayi a shuga, masana mzimbe, madzulo Fanta, chotsekulira botolo n'kukhala dzino lomwelo. Tizilombo ta m'kamwa timadya shugayo n'kutulutsa asidi amene amabowola dzino pang'onopang'ono. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masipuni ang'onoang'ono a shuga pafupifupi 12 patsiku. Ena amawakwanitsa asanafike n'kumsika komwe. Mswachi ulipo, inde, koma unagulidwa chisankho chapitachi chisanachitike.

Dzino likayamba kuwawa, mudzi wonse umasanduka madokotala. Uyu akuti mchere, uyo adyo, wina Panado woponya m'bowo, malume akuti kachasu, theka m'dzino theka m'mimba. Tsaya likatupa, nsima ya kondowole imene sitafunidwa n'komwe ikayamba kukanika, m'pamene munthu amakumbukira kuti ku Mkondezi kuli chipatala cha boma. Amafika ndi mawu awiri okha: "Adokotala, zulani." Dzino limene likanamatidwa likanabwera msanga latsala chigoba, ndipo mwini wake akutuluka ataluma thonje, tayi ili m'khosi.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo likachoka limodzi silimeranso. Suti mungabwereke kwa mnzanu, koma dzino lotafunira batala wokazinga palibe angakubwerekeni. Madokotala a mano nawonso ndi ochepa m'dziko muno. Digiri ya udokotala wa mano inayamba kuphunzitsidwa kuno mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, choncho tisawatopetse ndi zigoba.

Abale anga a kunyanja, tsukani mano m'mawa ndi pogona, mphindi ziwiri, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mswachi muzisintha pakatha miyezi itatu, botolo muzitsekula ndi chotsekulira. Nkhama zikamatuluka magazi kapena dzino likamanyerenyetsa pomwa madzi ozizira, pitani kuchipatala likadali lomatika. Musadikire tsaya.