Ulemu kwa Kabudula Wofiira wa Superman

Pa zovala zonse zimene telala anasokapo, palibe chonyozeka ngati kabudula wamkati. Kwathu kuno ukamuchapa sumuyanika poyera. Umamufunditsa chitenje pachingwe kuopa maso a apongozi. Koma alipo kabudula mmodzi amene anakana manyazi, natuluka kudzakhala pamwamba pa thalauza dziko lonse likuona. Ameneyu ndi kabudula wofiira wa Superman, ndipo ine ndati ndimuombere m'manja poti ena onse amangomuseka.

Anaonekera koyamba mu 1938 pachikuto cha Action Comics yoyamba, pamene anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, anaonetsa dziko munthu atanyamula galimoto m'mwamba. Anyamatawo anagulitsa umwini wa Superman pa madola 130 okha, kabudula ali momwemo. Mu 2024 kabuku kamodzi mwa oyambawo kanagulidwa pa madola 6 miliyoni. Tandiuzani chovala china chamkati chimene chinakwerapo mtengo chotere.

Osadziwa amati Shuster anangosokoneza choyamba kuvala ndi chomalizira. Ayi ndithu. Masiku amenewo adzitho onyamula zitsulo m'zionetsero zoyendayenda, pamodzi ndi akatswiri ogwetsana, ankavala zothina thupi lonse, ndipo pamwamba pake ankaikapo kabudula kuti msoko ukaphulika munthu ali pakati ponyamula chitsulo, amayi ndi ana asaone malodza. Mwana wa ku America akangoona kabudula ali kunja ankadziwiratu kuti kwafika chiphona. Ndiye kuti Superman amateteza mzinda wa Metropolis, koma womuteteza iyeyo ndi kansalu kameneka.

Nanga kulimba kwake! George Reeves anamuvala pa wailesi yakanema m'zaka za m'ma 1950. Christopher Reeve anauluka naye mu 1978. Walowa m'moto, waombedwa zipolopolo, wazungulira dziko pa liwiro loti mpaka nthawi inabwerera m'mbuyo, koma palibe anamuonapo atasuluka kapena atakhwepa m'chiuno. Malipiro ake ndi lamba wachikasu basi.

Adani ake enieni sanali Lex Luthor kapena mwala wobiriwira uja wa kryptonite. Anali mabwana a m'maofesi. Mu 2011 kampani ya DC, yosindikiza mabuku a Superman, inayambanso nthano zake zonse pansi pa dzina la New 52, ndipo Superman anatulukira atavala chovala chonga cha msilikali, cha kolala yoimirira, kabudula atachotsedwa ntchito popanda ngakhale chenjezo atagwira zaka 73. Mu 2013 Zack Snyder anabweretsa filimu ya Man of Steel, Henry Cavill ali buluu kuchokera pakhosi mpaka m'maondo. Munaona chimene chinatsatira. Nyumba zosanja za Metropolis zinagumuka mbwee, anthu ali m'kati, ndipo pomaliza Superman anathyola khosi la mdani wake Zod n'kulira mokuwa. Sindikunena kuti kabudula akanaletsa zimenezi. Ndikungokumbutsa kuti pamene analipo, Reeve ankapeza mpata wotsitsira kamtsikana mphaka wake mumtengo. Otsutsa adzati naye Reeve anaponya Zod m'phompho mu Superman II. N'zoona, koma ndani angasungire chakukhosi munthu wovala motero?

Apa ndiye panabuka mkangano umene unagawa okonda mafilimu pawiri. Abambo a ndevu zawo, a ana awo, anasowa tulo chifukwa cha nsalu yosakwana ngakhale theka la mita. Ena ankati ngwazi ya masiku ano iyenera kuoneka yoopsa, osati ngati munthu amene anavalira mumdima. Ena ankati wopanda kabudulayo si Superman, ndi mlendo chabe wamphamvu. Ndale zimatha, chisankho chikapita anthu amapatsana moni, koma nkhani iyi inakana kuzima. Mu 2018, pokondwerera zaka 80, Action Comics ya nambala 1000 inamubwezera pantchito, ndipo sanafunse n'komwe za malipiro a zaka 7 zimene anakhala pakhomo.

Yemwe anamumvetsa bwino ndi David Corenswet, Superman wa mu filimu ya James Gunn ya 2025. Gunn anafotokoza kuti ankazengereza za kabudulayu mpaka Corenswet atamupatsa ganizo lakuti munthu wochokera kudziko lina, wotulutsa moto m'maso, ndi woopsa kwa ana, choncho amavala dala moseketsa kuti asamuthawe. Ine ndikuvomera ndi manja awiri. Munthu woti akhoza kupsereza mzinda ndi maso okha ndimafuna ndizimuona ali ndi kena kake komuseka. Akavala zakuda zokhazokha, ine ndiyamba kufufuza kothawira.

Amene akukayikabe ayang'ane Batman. Adam West anali naye kabudula mu 1966, ndipo ankavina. Mu 1989 Tim Burton anaveka Michael Keaton chovala cha labala chakuda bii, chopanda kabudula, cholimba moti mwini wake sankatha kutembenuza khosi. Akafuna kuona kumbali ankatembenuka thupi lonse. Zinatenga mpaka 2008, mu The Dark Knight, kuti Batman apemphe chovala chomulola kucheuka. Za kabudula sanatchuleko, ndipo mpaka lero akungokhala kuphanga, nkhope ili ndwii.