Njinga ya alamu anga, yopanda kaliyala

Kuno ku Chileka njinga imalemekezedwa ndi zimene yanyamula. Matumba a makala ochokera kwa Kunthembwe, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi ndi khanda popita ku sikelo, imeneyo ndiye njinga. Yanga sinyamula kanthu, ilibe ndi kaliyala yemwe. Koma ndi ya magetsi, ndipo alamu anga amene anaitumiza kuchokera ku Joni akuti azungu amakwera nayo mapiri pongofuna kusangalala. Anzathuwa phiri amachita kulifunafuna, pamene ife timalilambalala.

Pakati pa mapedulo pabisala kamota ka mawati 250. Si njinga yamoto yoti ungopotokola dzanja basi. Umapalasa ndithu, koma ukaponda pang'ono, iko kamawonjezera mphamvu yake. Liwiro likafika makilomita 25 pa ola kamakusiya wekha, chifukwa ndi mmene lamulo la ku Ulaya limanenera. Ndiye taonani, lamulo la ku Ulaya limadzandigwira pa Ngumbe, ine amene ndege ndimangoziona kumimba zikamatera pa bwalo lathuli.

Ulemerero wake ndiye musanene. Ndikadutsa pa Kameza n'kulowa msewu wa M1, pa chitunda ndimapitirira anyamata a kabaza ndili mu jekete, thukuta osatuluka, mimba yanga ili patsogolo. Pa Lunzu mbiri inawanda kuti madala aja ndi okhwima. Sindinatsutse. Munthu amene wakhala zaka zonsezi osaopedwa ngakhale ndi nkhuku za pakhomo pake sakana mbiri yotere.

Vuto ndi chakudya chake. Nyumba yathu ilibe magetsi, ngakhale mawaya ochokera ku Nkula timawaona akulowera m'tauni. Choncho batire ndimakatchajitsa kwa mnyamata wometa, komwe anthu amasiya mafoni. Poyamba ankandilipiritsa mtengo wa foni imodzi, kufikira mphwake wa kusekondale atamuwerengera kuti moto wolowa m'batire limeneli ungadzaze mafoni oposa 30. Ine ndinati, "Achimwene, pa mita yanu ndi theka la yuniti chabe." Iye anati, "Madala, ine sindigulitsa mayuniti, ndimatchaja mafoni." Tonse timanena zoona, koma soketi ndi yake. Kuti batire lidzaze pamafunika maola anayi kapena asanu, ndipo podikirapo ndimameta mutu umene ulibe kale tsitsi, kuti ndisaoneke wongodzaza benchi.

Mayi a kunyumba saiwala chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, dziko n'kukhala mu mdima. Amati zikadzachitikanso, njinga yangayo adzayanikapo matewera a chidzukulu.

Ulendo wa ku Lirangwe uli ndi chinyengo chake. Popita, kudutsa Matindi, msewu umakonda kutsetsereka chifukwa ukulowera ku Shire, ndiye umangoimba mluzu. Pobwerera zitunda zija zimakudikira, batire ndiye likuphethira kagetsi komaliza. Likatha, kamota kamene kanali bwenzi kamasanduka katundu. Njingayi imalemera pafupifupi makilogalamu 25, ndipo umatsika n'kulowa mu mzere wa anyamata a makala, nonse mukukankha, dzuwa lili pa liwombo.

"Bwana, mafuta atha?" anafunsa wina tsiku lina.

"Siyendera mafuta iyi, ndi ya magetsi."

"Oo, ndiye akuthimitsirani?"

Mnzake, mitsempha ili njo m'khosi, anandiyang'ana kuyambira ku chipewa changa cholimba mpaka ku nsapato. "Ife tikukankha ndalama. Inu mukukankha chiyani, bwana?" Yankho ndikulifunabe.

Za minga ndiye ndi nkhani ina. Mmisiri wa pansi pa mtengo, amene wakhala akumata machubu kuyambira nthawi ya Kamuzu, anaizungulira njingayo n'kupeza kuti kavavu kake n'kowonda, pampu yake sikugwira. Matayala ndi a mainchesi 29, pamene m'magolosale athu muli a 26 ndi 28. Anafunafuna waya wa mabuleki n'kupeza kapaipi ka mafuta. Atatero anavula chipewa n'kunena kuti "pepani" ngati wafika pa siwa. Tcheni nayo imatha msanga popeza amaikoka ndi awiri, ine ndi kamota, ndipo yatsopano mpaka alamu atumize, pamodzi ndi mawu akuti sindidziwa kusamala zinthu.

Malo amodzi okha ndi amene njingayi imaonetsa kuti inapita kusukulu: msewu wochoka pa Lirangwe kupita ku Chingale, umene andale akhala akuulonjeza phula chisankho ndi chisankho. M'mabampu ndi m'fumbi masipuling'i ake amameza zonse, galimoto zikuchita kukwawa. Mwina m'boma lonse la Blantyre ndine ndekha amene sindikufulumira kuti msewuwo uthe.

Koma chimanga sichipita ku chigayo pa masipuling'i. Thumba ndimasenza pa phewa, kapena kulipira wa kabaza yemwe uja ndinamupitirira pa chitunda, iye akuimba mluzu tsopano. Choncho amene muli ndi njinga ya Buffalo yabwinobwino, ya kaliyala wolimba, bwerani tikambirane zosinthana. Mundipeza kwa wometa, ndikudikira batire. Alamu okha asamve.