Jekete ya madola asanu ndi mbendera ya mdala

Ku Pullman ndinafikira pamaliro, koma panalibe wondiuza kuti watisiya ndani. Unali mwezi wa Ogasiti 2023. Ndinapitako kukachita maphunziro a mbewu za mtundu wa nyemba ku Washington State University, sukulu yomangidwa pazitunda pakati pa minda ya tirigu yosaoneka malekezero, kufupi ndi malire a Idaho. Chipinda ndinachita lendi kwa mdala wina amene anakalambira pathirakitala. Ndisanamasule n'chikwama chomwe, anandifunsa maganizo anga pa zimene Washington ndi Oregon anachita. Ine osadziwa kuti ndi anthu, mizinda kapena zipani, ndinangopukusa mutu n'kunena kuti masiku ano umunthu unatha. Mdala anandigwira paphewa, misozi ili lengelenge, n'kuuza akazi awo kuti mnyamatayu adye nafe. Tsoka langa linayambira pamenepo, chifukwa ndinaona kuti kuyankha zinthu zosazidziwa kumadyetsa.

Maliro ake anali a ligi. Ku America mayunivesite amasewera mpira wawo wonyamula m'manja uja m'maligi a m'zigawo, ndipo ya kumadzulo inali Pac-12, imene mizu yake inayambira mu 1915. Mu Juni 2022, USC ndi UCLA a ku Los Angeles analengeza kuti akusamukira ku Big Ten, ligi imene patangopita milungu yochepa inasainirana ndi Fox, CBS ndi NBC mgwirizano wa madola pafupifupi 7 biliyoni pa zaka zisanu ndi ziwiri. Otsalawo anafunafuna wayilesi ya kanema yowalipira chimodzimodzi, osaipeza. Zimene Apple inabweretsa patebulo, zoonetsa mpira pa intaneti, sizinawakhutitse. Colorado inachoka kumapeto kwa Julayi 2023. Pa 4 Ogasiti, tsiku limodzi lokha, Washington ndi Oregon analowera ku Big Ten, Arizona, Arizona State ndi Utah ku Big 12. Pa 1 Seputembala, Stanford ndi California, amene amaona dzuwa likulowa m'nyanja ya Pacific, anakalembetsa ligi ya m'mbali mwa Atlantic. Mwa matimu 12 munatsala awiri, Oregon State ndi ife.

Tayerekezani Bullets ndi Wanderers alengeza m'mawa umodzi kuti achoka mu Super League kukasewera ligi ya ku South Africa poti kanema wa kumeneko amalipira bwino, Silver Strikers n'kulowera ku Tanzania, enanso kwina, mpaka kutsala matimu awiri akuyang'anizana. Palibe amene watuluka chifukwa chogonja. Mlandu wa Pullman unali umodzi, kukhala tauni yaing'ono yopanda anthu ambiri oonera kanema.

Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Pakati pa Seputembala usiku unayamba kuzizira, ndiye ndinawoloka malire kupita ku Moscow ya ku Idaho, mtunda wosakwana makilomita 15, kukafuna kaunjika. Ndinapeza jekete yokhuthala bwino, yapepo, pamtima pali W wamkulu wagolide, mtengo madola asanu. Ndinati Mulungu andipatsenji, W wa Washington, sukulu yanga yomwe. Mayi wogulitsa anandiyang'ana, nayang'ananso jekete, n'kufunsa ngati ndimakhala ku Pullman. Nditavomera anafunsanso ngati ndatsimikiza. Ine ndinaganiza kuti akufuna kukweza mtengo, ndinalipira msangamsanga n'kutuluka. Safunsa anadya phula.

Loweruka pa 23 Seputembala, Oregon State inabwera kudzasewera nafe, amasiye awiri kukumana. Kumeneko phwando limayambira pamalo oimika magalimoto, anthu amatsegula kumbuyo kwa mapikiapu, kuyatsa makala n'kuwotcha nyama mpira usanayambe. Aliyense anali m'zofiira, alendo m'zamtundu wa lalanje, akupatsana nyama ndi kupepesana. Ine ndinachedwa ku labu, ndiye ndinatulukira ndekha pakati pa chikhamucho, jekete nditaitseka zipi mpaka m'khosi. Phokoso linkazima kulikonse kumene ndinkadutsa. Kamwana kena kanandiloza n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. Bambo wina, mpeni wa nyama uli m'manja, anandifunsa ngati ndasochera. Pofuna kuonetsa kuti ndine wawo, ndinakweza chibakera n'kufuula mfuu yawo ija, "Go Cougs!" Apo ndiye ndinathira mafuta pamoto, onse anaona ngati ndikuwanyogodola.

Mdala anandikokera kuseri kwa galimoto. "Mnyamata iwe, wavula kapena ndikuvule?" Ndi pamene ndinamva kuti yapepo ndi golide ndi ya University of Washington ya ku Seattle, adani athu a chibadwire amene takhala tikulimbana nawo kuyambira 1900, omwewo amene anatithawa pa 4 Ogasiti. Anandiveka juzi yofiira ya akazi awo. Inathera pamchombo. Ndinaonera mpira wonse mimba ili pamphepo, tikupambana 38 kwa 35, mnyamata wathu woponya mpira, amene amamutcha quarterback, dzina lake Cam Ward, ataponya mayadi oposa 400.

Munthu wanzeru akanakhala chete mpaka digiri. Ine ndinaganiza zotsuka dzina langa posanduka katswiri. Lachinayi lililonse madzulo madala a m'deralo ankakumana m'galaja ya mdala, ndipo nkhani inali imodzi, draft. Ku America wosewera wa kuyunivesite sasankha yekha timu ya ligi yaikulu ya NFL imene akasewere. Chaka chilichonse mu Epulo matimu 32 amasankhana osewera mosinthana, maulendo asanu ndi awiri, ndipo timu imene inachita moipitsitsa ndiyo imayamba kusankha. Madala aja ankakangana za kutalika kwa zala za ana a eni, za mawondo awo, za amene adzatengedwe koyamba. Ndinkaloweza maina usiku m'malo mowerenga za matenda a nyemba. Ndinaphunzira kutchula Brock Purdy, amene anasankhidwa komalizira penipeni mu 2022, wa nambala 262, koma n'kudzakhala woponya mpira wa San Francisco 49ers. Dzina limeneli ukaliponya pa mkangano uliwonse anthu amagwedeza mitu, ngakhale palibe chimene wanena.

Tsiku lina, khofi atandilowa, ndinaimirira n'kulengeza kuti Ward sachoka ku Pullman. Ndinati ndamuyang'ana m'maso pa kanema ndipo ndi mwana woleredwa bwino. Mdala wina wogontha khutu limodzi anandikumbutsa kuti mnyamatayo anabwera kwathuko atachoka ku Incarnate Word ya ku Texas, komanso kuti kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pa dzina ndi nkhope zawo, ndiye sukulu zokhala ndi masapota olemera zimakoka amene zamufuna. Ine ndinati ndalama si zonse. Ndinawonjeza, popanda wondifunsa, kuti ineyo ndinali nambala 7 wothamanga kwambiri ku sekondale, ndipo ngati Ward apite kusukulu ina ndidzathamanga mayadi 40 pamaso pawo ngati ku Combine. Anagwirana chanza okhaokha, akumwetulira.

Kumayambiriro kwa Disembala Ward analembetsa pa mndandanda wa osewera ofuna kusamuka. Pa 1 Januwale 2024 analengeza kuti akulowa draft, ndipo ndinavina m'khitchini, poti ine ndinalumbira za sukulu ina, osati NFL. Milungu iwiri isanathe anasintha maganizo n'kupita ku University of Miami.

Combine ndi msika wa matupi umene umachitikira ku Indianapolis kumapeto kwa Febuluwale. Anyamata oyembekezera draft amayezedwa msinkhu, amadumpha, amanyamula chitsulo cha makilogalamu 102 atagona chagada mpaka manja atakana, n'kuthamanga mayadi 40, omwe ndi mamita 36 ndi theka. Chaka chimenecho Xavier Worthy wa ku Texas anawamaliza m'masekondi 4.21, liwiro limene linali lisanaonekepo pa Combine. Anyamata amenewa amakhala atanyamula zitsulo m'bandakucha zaka zitatu kapena zinayi, chakudya chowayezera akatswiri, ndipo ambiri amatha milungu ingapo kwa aphunzitsi apadera akuphunzira kaimidwe koyambira kokha, phazi apa, dzanja apo. Ine kukonzekera kwanga kunali kuonera mavidiyo ndili chogona ndi kuphika nsima yolimba ya ufa wa m'sitolo.

Loweruka lina la Malichi, chipale chitasungunuka, madala anayeza mayadiwo pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba ndi tepi yoyezera nkhokwe za tirigu. Akazi awo anatulutsa mipando. Ndinagwada monga ndinaonera, dzanja limodzi pansi, lina m'mwamba, matako kuthambo. Mayadi khumi oyamba, abale, ndinkauluka, ndinamva mphepo ya ku sekondale m'makutu. Kenaka kuseri kwa ntchafu ya kumanja kunamveka thapu! Ndinagwa chammbali n'kukumbatira bokosi la makalata la aneba. Mdala wa wotchi sanaimitse, akuti lamulo ndi mzere. Ndinakwawa mpaka pamzerepo, wotchi n'kuwerenga masekondi 40 ndi kanthu, yadi imodzi pa sekondi. Za chitsulo anandikhululukira.

Madzulo mayi a kunyumba anaimba kuchokera ku Lilongwe, n'kuona ndodo yoyendera itatsamira khoma kumbuyo kwanga. "Bambo a ana, tinakuperekezani ku eyapoti kuti mukaphunzire nyemba. Zothamangitsana ndi nkhalambazi zili pa silabasi?" Ndinati netiweki ikuvuta.

Chodabwitsa n'chakuti ntchafu ija inandigulira ubale. Munthu wovulalira timu, ngakhale mopusa, kumeneko ndi wawo. Mu Seputembala 2024 tinagonjetsa a jekete yapepo aja 24 kwa 19 ku Seattle, mdala n'kulira ngati wabadwitsa. Mwezi womwewo Boise State, Fresno State, San Diego State, Colorado State ndi Utah State anavomera kudzalowa Pac-12 mu 2026. Tinasangalala osafuna kukumbukira kuti nafenso tawasomphola ku ligi ya anzathu, ya Mountain West. Pofika Disembala, woponya mpira watsopano John Mateer anapita ku Oklahoma, mphunzitsi Jake Dickert n'kulowera ku Wake Forest. M'galaja muja wotukwana kwambiri othawa ndinali ine. Ndinkati anthu otere ndi osusuka, amadya pano maso ali pa mbale ya mnzawo. Ndipo ndimaonabe kuti madala aja amalakwiridwa. Masukulu, aphunzitsi ndi osewera onse amaloledwa kutsata ndalama, wopemphedwa kukhala wokhulupirika ndi wogula tikiti yekha.

Chimene sindinawauze n'chakuti m'chikwama mwanga munali kalata. Yunivesite ina ya ku Michigan inali itandilandira kukachita PhD, ndalama ya pamwezi yoposa imene ndinkalandira ku Pullman. Ndinavomera tsiku lomwelo. Sukuluyo imasewera mu Big Ten.

Pa 24 Epulo 2025 tinadzaza galaja kuonera draft ya ku Green Bay. Tennessee Titans, amene anapambana masewero atatu okha mwa 17, ndiwo ankayamba. Mkulu wa NFL Roger Goodell atawerenga dzina la Cam Ward, woyamba pa onse, ndinadumpha ndi mwendo wabwinowo n'kukuwa kuti mwana wathu. Ndinakuwa ndekha. Sukulu imene inatchulidwa pambali pa dzina lake inali Miami. Mdala anatsitsa voliyumu n'kutembenukira kwa ine.

"Nanga iwe mnyamata, ukamaliza mu Meyi, ukupita kuti?"

Galaja yonse inandiyang'ana. Ndinati, "Bambo, ine ndikubwerera kwathu ku Malawi, kukathandiza alimi."

Anaomba m'manja. Wogontha khutu uja anati bwenzi ana onse akanakhala ngati ine. Tsiku lotsanzikana anandipatsa chitini cha tchizi chopangidwa pasukulupo, cha Cougar Gold, ndi mbendera yofiira ya timu. Masapota a kumeneko ali ndi mwambo, kuyambira 2003 amaonetsetsa kuti mbendera yawo ikuoneka pa pulogalamu ya ESPN ya College GameDay kulikonse kumene ikujambulidwa, ndiye kuikupiza kutali ndi kwawo ndi chinthu chachikulu. Pempho la mdala linali limodzi, chithunzi cha mbenderayo m'mbali mwa nyanja ya Malawi imene ndinkaitamanda masiku onse.

Ndinazengereza mpaka Novembala, uthenga wake ukubwera sabata iliyonse. Potsiriza ndinapempha mnzanga wa galimoto kuti andiperekeze ku nyanja ya Michigan. Madzi ake tsidya silioneka, mchenga ulipo, ndinati ndani angasiyanitse. Ndinakupiza mbendera, mano akugundana, mnzanga n'kujambula, ine n'kutumiza nditalemba kuti moni kuchokera ku Salima.

Yankho silinachedwe. Mdala anayamikira kwambiri, akuti chithunzi achikhoma m'galaja. Anangofunsa kuti popeza ndinawauza kuti Novembala kwathu kumatentha mpaka phula kusungunuka, magolovesi ndi chipewa chaubweya n'zachiyani. Ndinayankha kuti ndi mwera, chaka chino wabwera mochedwa. Anati n'zomvetsa chisoni mmene nyengo yasinthira, ndipo iye ndi akazi awo agwirizana zobwera kudzaona okha ntchito imene ndikugwira ndi alimi, akangomaliza kukolola tirigu wa mwana wawo mu Ogasiti. Akufunsa ngati ndingakawachingamire pa eyapoti ya Kamuzu, kapena atere ku Chileka.