Migolo Sithamanga

Akuti mayeso a laisensi akhwime. Ine ndikuvomereza, ngakhale thukuta limandituluka m'manja ndikangogwira chiwongolero.

Kusukulu yoyendetsa galimoto anatiphunzitsa ndithu. Tinaloweza Highway Code, tinakankha tigalimoto tazidole pabolodi, tinabwerera chambuyo pakati pa migolo mpaka khosi kuuma. Pa migolo pokhapo, abale, ndine dolo. Koma chitengereni laisensi, pamsewu wa M1 sindinakumanepo ndi mgolo. Ndimakumana ndi mbuzi, ngolo yopanda nyali, wakabaza atasenza matumba a makala, ndi minibasi yoima mwadzidzidzi chifukwa kondakitala waona munthu akutseka chitseko cha nyumba yake.

Mgolo ndi waulemu. Suliza hutala, suwoloka msewu uli pafoni, sukufunsa ngati laisensi unachita kutola.

Buku limati pa roundabout uzipereka mpata kwa wochokera kumanja. Silinena kuti ochokera kumanjawo amatha liti. Tsiku lina pa Chichiri ndinapereka mpata mokhulupirika mpaka ndinagula nthochi pawindo, ndinadya, n'kuyamba kusowa potaya makoko. Am'mbuyo mwanga anatchula mayina a makolo anga onse, ena oti ine sindimawadziwa.

Ndiye a ku Road Traffic, mukamakhwimitsa musawonjezere migolo. Wophunzira mukamuyese ku Limbe Lachisanu madzulo kumapeto kwa mwezi. Akadutsa osalira, mupite naye ku Linthipe usiku, aone nyali imodzi ikubwera, anene msanga ngati ili njinga yamoto kapena lole yakufa diso. Ayendetseko mvula ikugwa, maenje atabisala m'madzi. Aime pachitunda, anyamukenso osapsompsona galimoto yam'mbuyo, apongozi ali pampando akupemphera mokweza. Izi n'zimene zimadikira munthu akangochotsa chikwangwani cha L, ndipo ambirife timakaziphunzira tokha, titanyamula ana a eni.

Maganizo amenewa ndinawafotokozera mayi akunyumba, ndikuyembekeza kuti andiombera m'manja. Iwo anavomera zonse, n'kungowonjezera kamodzi: mayeso atsopanowo ayambire ife amene tili nawo kale malaisensi.

"Inuyo, bambo a ana, mukakhale oyamba pamzere."

Ndinati nkhani za boma sitikambira pa nsima. Chiyambire tsikulo makiyi amasunga ndi iwo. Ine ndimakhala kumbuyo ndi ana, ndipo kumeneko, kunena zoona, ndimayendetsa bwino kwambiri ndi pakamwa.